Calcium wa ku Mainz ndi ytterbium wa ku Braunschweig: ma kink agwidwa bwino kuti?

Ma ion (maatomu okhala ndi mphamvu ya magetsi) oziziritsidwa ndi laser mu msampha wa Paul, chipangizo chowagwira ndi magetsi, amandandalika mzere umodzi ngati mikanda pa ulusi. Mukawapanikiza, mzerewo umapindika n'kukhala zigzag. Kupindikako kukachitika mwachangu, mbali ina imayambira kumanja, ina kumanzere, ndipo pokumanira pamatsala chilema chotchedwa kink. Ganizo lakuti kusintha kwachangu kumasiya zilema ndi la Tom Kibble, yemwe mu 1976 ankafotokoza za chilengedwe chitangoyamba kumene. Wojciech Zurek analibweretsa ku zinthu zoyezeka mu labotale mu 1985.

Mu 2013 magulu awiri a ku Germany anaziyesa, aliyense njira yake.

A ku Mainz anatenga ma ion 16 a calcium n'kumawafinya cha m'litali pokweza voteji. Calcium ndi wopepuka, laser yake ya 397 nm (nanomita, muyeso wa kutalika kwa funde la kuwala) savuta, ndipo mzere waufupi chotere ndi wosavuta kuujambula mobwerezabwereza. Nambala yosonyeza mmene ma kink amachulukira kupanikiza kukafulumira inatuluka 2.68, kufupi kwambiri ndi 8/3 (pafupifupi 2.67) yomwe masamu amalosera.

A ku PTB, bungwe la boma la Germany loona za miyeso, ku Braunschweig, pansi pa Tanja Mehlstäubler, anachita zosiyana: ma ion a ytterbium-172 pafupifupi 30, ndipo m'malo mofinya anamasula mphamvu yogwira m'mbali, zomwenso zimapinditsa mzere. Anapeza 2.7, koma mpata wa kulakwa unali wokulirapo. Chomwe ndimawakondera n'chakuti anasiyanitsa kink wopanikizika pamalo amodzi ndi kink wotambasuka. Woyambayo amatha kutsetserekera kumapeto kwa mzere n'kuzimirira kamera isanamuone. Wotambasukayo amakhazikika pakati. Chothawa simungachiwerenge, ndiye nkhani imeneyi si yaing'ono.

Musatengeke kwambiri ndi 8/3, anzanga. Pamzere wotalikirana mofanana, masamu amati 1/3. Mu msampha weniweni ma ion amathithikana pakati, kupindika kumayambira pomwepo n'kufalikira kunja, ndiye nambala imafika 4/3. Imawirikiza kukhala 8/3 pomwe kink amangotuluka mmodzi kapena osatuluka n'komwe, ndipo mizere yonse iwiriyi ndi yaifupi motero.

Wofuna nambala ya mpata wa kulakwa wochepa atsate a ku Mainz. Koma ngati cholinga chanu ndi kusunga kink n'kumuona akuyenda, kapena kumugwiritsa ntchito pofufuza kukhulana kwa maatomu monga anadzachitira a ku PTB pambuyo pake, ine ndingasankhe ytterbium ndi mzere wautali, ngakhale laser yake ya 369 nm, ya kuwala kwa ultraviolet, imafuna chisamaliro chochuluka.