Boti la inu nokha, boti la gulu kapena kayaki: cholowa nacho m'mapanga a m'nyanja n'chiti?

Ambiri amene amalipira boti laolao kuti akaone mapanga a m'mphepete mwa nyanja yamchere amaganiza kuti agula mwayi wolowa m'phanga. Chimene agula ndi maola, mafuta ndi munthu woyendetsa. Kulowa m'phanga kumalamulidwa ndi kukula kwa khomo lake, mafunde a tsikulo ndi malamulo a pamalopo, ndipo zonsezi sizimva za ndalama. Ndiye musanayambe kusirira zithunzi za mipando yawofuwofu, funsani kaye ngati chombo chimene mukufuna kulipiracho chimakwana pakhomo.

Tengani Grotta Azzurra, phanga lotchuka ndi madzi owala buluu, pachilumba cha Capri ku Italy. Khomo lake ndi pafupifupi mita imodzi kuchokera pamadzi kufika kudenga, m'lifupi mamita awiri. Palibe boti la injini lolowamo. Wobwera pa boti la gulu ndi wobwera pa lakelake onse amatsika n'kukwera timabwato topalasa, tonyamula anthu osapitirira anayi. Pakhomo mumagona chagada m'kabwatomo, wopalasa amaika nkhafi pambali, amagwira unyolo umene unakhomedwa pathanthwe, amadikira madzi atsike pang'ono, kenaka amakoka mwamphamvu kamodzi, mwalowa. Mkatimo mumakhalamo mphindi ngati zisanu basi. Tikiti yolowera imalipiridwa payokha, ndipo nyengo imene alendo amachuluka, kudikira pamzere wa maboti kumatha kupitirira ola. Ola limenelo, kwa amene walipira boti la maola anayi, ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalama zake, ndipo limathera pongoyandama padzuwa.

Ku Biševo, m'dziko la Croatia, nkhani ndi yomweyo. Khomo la phanga lina la buluu lotchedwa Modra špilja linabooledwa ndi anthu mu 1884, komabe ndi laling'ono, ndipo olowa ndi timaboti tovomerezeka ta pachilumbapo. Boti lanu limakusiyani padoko, mumagula tikiti, mumadikira nambala yanu ngati wina aliyense. Pamapanga a mtundu umenewu boti la gulu limapambana mosavuta. Mukaona buluu yemweyo, kwa mphindi zomwezo, pa mtengo wotsika kwambiri.

Zinthu zimatembenuka pagombe limene lili ndi mapanga ambiri otsatizana, monga la Algarve ku Portugal kapena mbali ya Kleftiko pachilumba cha Milos ku Greece. Uko kukoma kwa ulendo sikudalira phanga limodzi lotchuka, ndipo boti laling'ono la inu nokha, makamaka lija la m'mbali mopopa mpweya limene amati RIB, limaonetsa ntchito yake. Silimira kwambiri m'madzi, limatembenuka pamalo opanikizana, ndipo m'mbali mwake mofewamo simusweka mukakhudza thanthwe. Woyendetsa angathe kulowa chammbuyo kuti mphuno ya boti iyang'ane kunja, kumene mafunde akuchokera, angathe kuzimitsa injini kuti mumve madzi akugunda mkati mwa thanthwe, angathenso kudumpha phanga lodzaza maboti n'kudzabwererako anthu atachepa. Boti la gulu lili ndi njira yake ndi nthawi yake. Limalowetsa mphuno, onse amadzutsa mafoni, amene wakhala mbali yolakwika amajambula misana ya anzake, kenaka limatuluka.

Catamaran, boti lotakata la matupi awiri olumikizidwa, n'njabwino kwa ofuna mthunzi, chimbudzi ndi malo oongolera miyendo. Mapanga ambiri imangowaonera panja.

Tsopano za mafuta, chifukwa apa ndi pamene anthu amalira. Mtengo umene mumaona pa intaneti wa boti la inu nokha nthawi zambiri ndi wa botilo ndi maola ake. Pansi pake, m'timalemba tating'ono, pamakhala mawu akuti mafuta alipiridwa malinga ndi mmene agwiritsidwira ntchito. Munthu wozolowera galimoto amangoti ndi zochepa zimenezo. Boti si galimoto. Injini ya petulo ya mahosipawa 200 ikathamangitsidwa mpaka pamapeto imamwa malita oposa 70 pa ola, ndipo ngakhale pa liwiro lapakatikati imamwa chapafupi ndi theka la amenewo. Boti la mainjini awiri, wirikizani kawiri. Pobwerera limaima pampope wa padoko, thanki imadzazidwa, ndipo bilu imaperekedwa kwa inu pamene ulendo watha kale, simungakanenso.

Chopweteka n'chakuti wolipira mafutawo si amene wagwira chiwongolero. Woyendetsa amene sakhudzidwa ndi bilu alibe chifukwa chochepetsera liwiro, ndipo alendo akamakuwa mokondwa boti likamadumpha mafunde, iye amangowonjezera moto. Kalipiritsidwe kameneka, kunena zoona, n'kokokera mwini boti, ndipo amene amabisa mawu amenewa pansi pa tsamba amadziwa chimene akuchita. Mwini boti wachilungamo amatchula mtengo umodzi wophatikiza mafuta, amatchula njira imene mtengowo ukukwanira, ndipo amanena poyera kuti mukafuna kupitirira pamenepo muwonjezera zingati. Akakana kulemba zimenezi, fufuzani wina. Safunsa anadya phula.

Njira ina yochepetsera biluyo ndi kuyambira padoko loyandikana ndi mapangawo. Kuchokera ku Split, mzinda wa m'gombe la Croatia, kukafika ku Biševo pa boti lothamanga ndi ola limodzi ndi theka kapena kuposa, kupita kokha, pamene kuchokera ku Komiža pachilumba cha Vis ndi kufupi zedi. Maola atatu othamanga panyanja yopanda kanthu koona ndi mafuta ambiri, ndiponso ndi msana wanu umene ukumenyedwa pampando.

Pamwamba pa mafuta pamabweranso tina: malipiro a woyendetsa akalembedwa padera, matikiti a mapanga, msonkho wa malo otetezedwa, ndalama yoimikira padoko lina mukaima kuti mudye. Pa boti la gulu zambiri mwa izi zimakhala kale m'tikiti imodzi, kupatula tikiti ya phanga lenilenilo, imene muyenera kufunsa ndithu. Funsaninso kuti maola amayamba kuwerengedwa liti. Ena amayambira pa nthawi imene munagwirizana, ngakhale boti litachedwa kunyamuka chifukwa cha mapepala.

Ndiye n'chifukwa chiyani munthu angalipirebe boti la yekha? Chifukwa limamupatsa ufulu wosankha ola, ndipo m'mapanga ola ndi nkhani yaikulu. Mafunde alipo a mitundu iwiri. Ena amadzutsidwa ndi mphepo ya pomwepo, ndi afupiafupi, amanyowetsa ndi kubweretsa nseru, ndipo m'magombe ambiri amakula masana mphepo yochokera kunyanja ikayamba. Ena amachokera kutali, kumene kunali namondwe masiku apitawo, ndipo pa mapulogalamu a zanyengo amalembedwa kuti swell. Amenewa ndiwo oopsa m'phanga. Kunja kumaoneka bata, dzuwa lili phwee, koma funde lalitali likalowa pakhomo lopapatiza madzi amasowa kothawira, amakwera, amagunda kumapeto n'kubwerera kudzakumana ndi lotsatira. Boti limakwezedwa kudenga kapena kukankhidwira kukhoma. Poona zanyengo musangoyang'ana msinkhu wa funde, onaninso masekondi a pakati pa funde ndi linzake. Funde la mita imodzi lobwera pa masekondi 12 kapena kuposa lili ndi mphamvu yoposa kutali la mita imodzi lobwera pa masekondi asanu. Onaninso mbali imene likuchokera, chifukwa phanga loyang'anizana nalo limatsekeka pamene lina la kuseri kwa chilumba lili zii.

Woyendetsa wodziwa ntchito amaima panja pa khomo kwa mphindi zingapo, akungoyang'ana. Mafunde akuluakulu amabwera m'magulu, ndiye iye akuwerenga kuti gulu likadutsa pamakhala kampata kotalika bwanji. Wongofika n'kulowa osaima ndi woti mumukayikire. Ndipo akanena kuti lero sitilowa, musamukakamize poti mwalipira. Kuipa kwa boti la inu nokha n'komweku: mlendo amadziona ngati bwana, woyendetsa wachinyamata amaopa kulembedwa zoipa pa intaneti, n'kulowa pamene samayenera. Pa boti la gulu palibe mlendo mmodzi amene angamupanikize chotero.

Palinso kukwera ndi kutsika kwa madzi. M'magombe ambiri madzi amadzaza kawiri pa tsiku, pakati pake pamadutsa maola 12 ndi mphindi 25, choncho nthawi yodzaza imachedwerako mphindi ngati 50 tsiku lililonse. Ola limene linali labwino Lolemba silikhalanso labwino Lachinayi. Madziwo sakwera mofanana: theka la kukwera konse limachitika m'ola lachitatu ndi lachinayi mwa maola ngati asanu ndi limodzi amene madzi amatenga kuchoka pophwa kufika podzaza. Pamene kusiyana kwa madzi odzaza ndi ophwa kuli mamita atatu, ndiye kuti pa maola awiri amenewo madzi amakwera masentimita 75 pa ola, okwanira kutseka khomo limene munalowera mutawerama. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa kusiyanaku kumakula. Ku Phang Nga Bay ku Thailand, timipata tolowera m'kati mwa zilumba timadutsika pa msinkhu wina wokha wa madzi: akachuluka denga limatseka, akaphwa kwambiri mumatitimira m'matope. Pa nyanja ya Mediterranean kusiyanaku n'kochepa, m'malo ambiri sikufika theka la mita, ndiye kumeneko olamulira ndi mphepo ndi mafunde.

Boti la gulu limanyamuka pa ola lolembedwa pa tikiti, madzi ali bwanji ali bwanji. La inu nokha mungathe kugwirizana ndi woyendetsa kuti munyamuke m'mamawa mphepo isanadzuke ndi maboti asanachuluke. Koma dziwani kuti mapanga a buluu aja amawala bwino chakumasana, dzuwa likakwera, chifukwa kuwalako kumalowera pa bowo la pansi pa madzi. Bata la m'mawa ndi kuwala kwa masana sizipezeka pamodzi kawirikawiri, musankhe chimene mwadzera.

Werengani bwino za kubwezeredwa ndalama. Pafupifupi onse amalemba kuti kulowa m'phanga kumadalira nyengo. Tanthauzo lake n'lakuti boti likanyamuka n'kukuzungulitsani m'mphepete mwa gombe osalowa phanga ngakhale limodzi, ulendo wachitika, ndalama sizibwerera. Pa tikiti ya gulu zimenezi zimapweteka pang'ono, pa boti la inu nokha zimapweteka zedi. Gwirizanani polemba kuti woyendetsa akadziwa m'mawa kuti mapanga atsekeka, muli ndi ufulu wosintha tsiku. Chifukwa cha chimenechi ikani ulendowu kumayambiriro kwa tchuthi chanu kuti pakhale masiku osinthira.

Kayaki, kabwato kopyapyala kopalasa nokha, ndiyo imafika pamene ena onse safika. Ilibe phokoso, ilibe utsi, ndipo utsi wa injini m'phanga lopanda potulukira mpweya umakhalitsa moti maboti atatu akangotsatizana mumaumva pakhosi. Koma kayaki imafuna mikono, ndipo imangokwanira mapanga apafupi ndi pamene mwayambira. Valani chisoti cholimba, chifukwa kafunde kakang'ono ndi kokwanira kukugunditsani mutu kudenga, ndipo tochi ikhale ya pamutu poti manja ali pa nkhafi. M'mapanga otchuka vuto lina ndi maboti a injini amene amalowa ndi kutuluka pakhomo lomwelo. Amene akufuna kayaki poganiza kuti akatsika pamchenga wa m'kati mwa phanga la Benagil ku Algarve, lokhala ndi bowo kudenga, adziwe kuti kuyambira mu 2024 kutsika pamenepo ndi kusambira kulowamo n'koletsedwa, ndipo makayaki amalowa ndi wotsogolera. Zithunzi za anthu ataima pamchengapo ndi zakale.

Za nseru, boti lalikulu limagwedezeka pang'ono, laling'ono limazunza kwambiri likaima pamzere kuposa likamayenda. Mankhwala a nseru amwedwe kutatsala theka la ola kapena ola kuti mukwere. Pa RIB, odwala msana ndi amayi oyembekezera asakhale kutsogolo, kumene boti limamenya madzi mwamphamvu, ndipo eni maboti ambiri sawalola n'komwe kukwera.

Kubwereka boti n'kudziyendetsa nokha m'mapanga osawadziwa, ayi. Miyala yobisika pakhomo siioneka pa mapu a pafoni, ndipo inshuwalansi ya maboti obwereketsa kawirikawiri siilipira pulopela yosweka pamwala.

Tikaika zonse pamodzi, kwa phanga limodzi lotchuka lokhala ndi timabwato take, gulani tikiti ya gulu, ndalama yotsalayo musunge. Kwa gombe la mapanga ambiri, ngati muli anayi kapena asanu ndi mmodzi ogawana mtengo, boti laling'ono la inu nokha lokhala ndi woyendetsa wa m'deralo ndilo lopambana, bola mafuta akhale m'mtengo wolembedwa. Mukafika padoko yang'anani zinthu zitatu musanaponde m'boti: majekete oyandamitsa okwanira aliyense, kuphatikizapo a msinkhu wa ana, wailesi ya VHF yoyaka, imene pa ngozi amaitanira pa tchanelo 16, ndi kachingwe kofiira kozimitsira injini, kamene kayenera kukhala komangidwa pa mwendo wa woyendetsa, osati kolendewera pa chiwongolero. M'kati mwa phanga foni ndi wailesi zomwe zimasiya kugwira, choncho funsani ngati kumtunda kuli munthu amene akudziwa njira yanu ndi ola lobwerera.