Suzuki Hayabusa pa Ulendo wa Johannesburg Mpaka Cape Town

Anthu ambiri akamva dzina la Hayabusa amangoganiza za liwiro, ndipo sakulakwitsa, chifukwa pamene njinga yamotoyi inatuluka mu 1999 inatchuka kuti inali yothamanga kuposa njinga zonse zogulitsidwa kwa anthu wamba, ndipo dzina lakelo m'Chijapani ndi la kabawi wouluka mwaliwiro kwambiri. Ine ndinafuna kudziwa ngati njinga yopangidwira kuthamanga ingathe kunyamula munthu mtunda wa makilomita pafupifupi 1,400 pa msewu wa N1, kuchokera ku Johannesburg kukafika ku Cape Town, iye n'kutsikapo ali wosathodwa. Imene ndinakwera ndi ya mtundu wachiwiri, umene unayamba mu 2008, wa injini ya 1,340cc ndi thanki ya malita 21.

Chimene chinandigwira mtima ndi injini, ngakhale kuti si pa chifukwa chimene achinyamata amaitamandira. Malamulo a ku South Africa salola kupitirira makilomita 120 pa ola, ndipo pa liwiro limeneli injiniyi imakhala ngati ikungoyenda wapansi, yosalira mokweza ndiponso yosanjenjemeretsa manja. Mukafuna kupitirira thiraki yaitali pakati pa Bloemfontein ndi Colesberg, simusowa kutsitsa giya. Mumangopotoza dzanja pang'ono muli m'giya ya chisanu ndi chimodzi, thirakiyo n'kutsala m'mbuyo musanakhalitse kumbali ya magalimoto obwera kutsogolo. Pa njinga yaing'ono mphindi zimenezi ndi zimene zimatopetsa mtima, pakuti munthu amachita kuwerengera mpata uliwonse, koma pano mphamvu yosagwiritsidwa ntchitoyo imakupatsani mtendere. Kulemera kwake, kopitirira makilogalamu 260 ikakhala ndi mafuta, kumathandizanso m'chipululu cha Karoo, kumene mphepo yowomba cham'mbali imakankha njinga zopepuka, pamene iyi imangogwira msewu osagwedezeka.

Thupi ndi limene limalipira. Monga zilili ndi njinga zonse za mtundu wothamanga, mahandulo ali m'munsi ndipo popondera pali m'mwamba, kotero kuti munthu amakhala choweramira kutsogolo mawondo atapindika. Pamsewu wotseguka mphepo imanyamulako chifuwa ndipo mikono imapuma, koma mukalowa m'tauni kapena mukaima pamzere wolipira msonkho wa msewu ku Verkeerdevlei, kulemera konse kumatsikira m'manja, ndipo kutentha kwa injini kumakwera m'miyendo. Ine ndinkatsika pakatha maola awiri aliwonse kuti ndiwongole mawondo, ndipo zimenezi zinkagwirizana bwino ndi thanki, imene inkandifikitsa makilomita pafupifupi 300 ndikayendetsa modekha. Chishalo chake, kunena zoona, n'chotakata ndi chofewa kuposa mmene ndinkayembekezera, ndipo usiku umene ndinagona ku Beaufort West chinkawawa chinali khosi, osati pokhalira.

Katundu ndi nkhani yaifupi chifukwa malo ake palibe. Ndinamanga chikwama chimodzi pampando wam'mbuyo ndi china chaching'ono pathanki, ndipo amene akufuna kunyamula mnzake ayenera kusankha pakati pa mnzakeyo ndi zovala. Tcheni imafuna kuthiridwa mafuta madzulo, ntchito imene imavuta pang'ono popeza njingayi ilibe choimikira chapakati chokweza tayala lam'mbuyo. Tayala lomwelo ndi lalikulu ndi lodula, ndipo msewu wowongoka wa makilomita mazanamazana umalidya pakati pokha m'mbali muli mwatsopano, choncho ndi nzeru kuika matayala opangidwira maulendo ataliatali musananyamuke.

Pali chiyeso chimodzi chimene ndiyenera kuchitchula. Pakati pa Beaufort West ndi Laingsburg msewu ndi wowongoka ndi wopanda anthu, ndipo njinga imene opanga ake anachita kuitsekera pa makilomita 299 pa ola imakunyengererani mwakachetechete, moti mukayang'ana pa geji mumapeza mwadutsa malire a liwiro kalekale osamva kanthu. M'chigawo chimenechi muli makamera owerengera nthawi imene mwatenga kuchoka pamalo ena kufika pena, kotero kuchepetsa liwiro pafupi ndi kamera sikupulumutsa munthu. Mtundu wachitatu, umene unatuluka mu 2021, uli ndi chipangizo chosunga liwiro limodzi popanda kugwiritsa dzanja, ndipo pa ulendo ngati uwu chipangizocho ndikanachikonda kuposa mphamvu ina iliyonse yowonjezera.

Nditadutsa m'chigwa cha Hex River, kumene msewu umayamba kukhotakhota pakati pa mapiri ndi minda ya mphesa, ndinaiwala za khosi lija, chifukwa njinga yolemera chonchi imagona m'makona mosavuta modabwitsa. Ndingailimbikitse kwa munthu wodziwa kale kuyendetsa njinga zikuluzikulu, woyenda yekha, pamsewu wa tala wosalala. Mnzanga wina anandifunsa ngati ndingapite nayo kumudzi kudzera ku Beitbridge, Tete ndi Mwanza, ndipo ndinamuyankha kuti ayi, chifukwa mimba yake ili pafupi kwambiri ndi nthaka, ndipo dzenje limodzi lokumana nalo madzulo likhoza kupinda limu kutali ndi kumene mungapeze lina.