Bainokyula ya 8x42 nditaiyesa m'mbali mwa Shire ku Liwonde

Ndinagula bainokyula iyi ya 8x42 (kutanthauza kuti imakulitsa chinthu ka 8, ndipo magalasi ake a kutsogolo ndi a mamilimita 42) mu Okutobala, ndipo ndaigwiritsa ntchito masiku atatu ku Liwonde National Park kumapeto kwa Novembala, mvula yoyamba itangogwa. Ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu.

Mnzanga wina ankandikakamiza kuti ndigule ya 10x42, akuti imakokera chinthu pafupi kwambiri. Sakunama, koma m'nkhalango ya m'mphepete mwa mtsinje mbalame sikhala kutali. Imakhala pamwamba pako pomwepo, m'masamba owirira, ikangodumphira nthambi ina basi waitaya. Ya 8 iyi imaonetsa malo otakata, ndiye umaipeza msanga isanauluke. M'boti ndi momwe ndinatsimikizira. Injini ikunjenjemeretsa manja, ine nkhwazi ndimaiona bwinobwino ili pa mgwalangwa, pomwe mnzangayo amangodandaula kuti zonse zikuvina.

Chimene chandisangalatsa kwambiri ndi kuwala kwake. Tinalawirira cha m'ma 5 koloko, ndipo wotiperekeza anatiimitsa pansi pa mtengo waukulu wa mthunzi wandiweyani n'kuloza m'mwamba osayankhula. Ndi maso okha ndimangoona mdima. Nditaika bainokyula, uyo kadzidzi wamkulu wodya nsomba uja, amene m'mabuku amamutcha Pel's fishing owl, wofiirira ngati njerwa yowotcha, maso akuda bii akutiyang'ana. Kwathu akanati tithawe, kukubwera maliro. Ife tinaima pompo mpaka khosi kuwawa. Magalasi a mamilimita 42 amenewa amatola kuwala kokwanira ngakhale dzuwa lisanatuluke, apa ndiye ndalama yanga sinapite pachabe.

Masana m'mitengo ya tsanya tinapeza tizinkhwe tobiriwira totchedwa Lilian's lovebird, timene anthu amabwerera ku Liwonde kudzationa. Kankhope kake kofiirira ndi kamzere koyera kozungulira diso zimaoneka bwino, mitundu yosasakanikirana. Mvula inatipezanso panjira tsiku lachiwiri, koma mkati simunachite nthunzi.

Nyenyezi imodziyo ndachotsera tinthu tating'ono koma tonyansa. Lamba wake ndi wopyapyala ngati chingwe cha nsapato, ndipo ndi thukuta la kuchigwa kuja anandisupula khosi. Tizivindikiro ta kutsogolo n'tolobodoka. Kamodzi kanagwera mu Shire tsiku loyamba lomwelo, ndipo mwa mvuu ndi ng'ona zija palibe amene akanapisamo dzanja. Ine ndimavala magalasi a maso, ndiye ndimayenera kupotokola timphira ta kumaso kuti titsike, koma ka kumanzere kamangokwera kokha. Kachikwama kakenso n'kakuda, mtundu umene kashembe amaukonda, choncho ndinangokasiya m'galimoto.

Mukagula, pezeranitu lamba wotambalala, ndipo tizivindikirito mutimangirire ndi kaulusi musanakwere boti.