Ndemanga pa ntchito yoyeza nthaka ndi kuwala kwa infrared ku Kasungu

Alangizi a zaulimi amene anandiyezera nthaka ya munda wanga wa mtedza kuno ku Kasungu anagwiritsa ntchito kachipangizo kam'manja kowunika dothi ndi kuwala kwa infrared, ndipo ndikuona kuti ntchito yawo ndi yofunika kuiyamikira.

Kuwala kumeneku, kumene wasayansi William Herschel anakutulukira mu 1800, sikuoneka ndi maso. Chipangizochi chimawalitsa dothi, ndipo popeza madzi, dongo ndi zomera zowolerana zimamwa kuwalako mosiyanasiyana, kuwala kobwerera kumasonyeza zimene zili m'dothimo. Kenako kompyuta imayerekeza zimene yapeza ndi dothi lina limene linayezedwa kale mu labotale. Bungwe la World Agroforestry ku Nairobi lakhala likugwiritsa ntchito njira yomweyi pofufuza nthaka za mu Africa.

Chimene chinandikondweretsa kwambiri ndi chakuti alangiziwo anatapa dothi m'malo angapo a munda, analisakaniza bwino, ndipo zotsatira zinatuluka tsiku lomwelo popanda mankhwala alionse. Anandifotokozeranso moleza mtima kuti nthaka yanga yamchenga ili ndi manyowa ochepa, zimene zikugwirizana ndi mmene mbewu zimaonekera.

Komabe njirayi imachita bwino pa manyowa ndi dongo, pamene pa phosphorus ndi potassium, zomwe ndi zakudya za mbewu za m'nthaka, siilondola kwenikweni, ndipo alangiziwo sanatsindike mokwanira zimenezi. Mlimi wofuna kugula feteleza wambiri angachite bwino kutsimikizira zotsatirazo ku labotale ya nthaka, monga ya ku Chitedze.