SpanishDict yandiphunzitsa kunena zadzulo m'Chisipanishi

Abale amene mukulimbana ndi Chisipanishi ngati ine kuno ku Valencia, ikani pa foni app yomasulira ndi kuphunzitsa Chisipanishi ya SpanishDict (pano imatchedwa SpanishDictionary.com), ine yandithandiza kwambiri. Poyamba ndinali ndi ka app kena kamasewera, sinditchula dzina, miyezi itatu ndikungodina zithunzi za agalu ndi maapozi koma kuti ndifotokoze zomwe ndinachita dzulo, ayi ndithu pakamwa pamauma. Tsiku lina mayi eni nyumba anandiima pakhomo n'kufunsa ¿pagaste el alquiler? kutanthauza kuti walipira lendi, ine ndinayankha sí, pagó, iwo anangondiyang'ana n'kufunsa ¿quién? kutanthauza ndani. Apa ndinali nditanena kuti munthu wina ndiye analipira, pomwe ndimafuna kunena pagué, ndinalipira ineyo. Zinandipweteka chifukwa ndalama ndinali nditaperekadi.

Usiku womwewo ndinalemba pagar mu SpanishDict n'kutsegula pa conjugation, pomwe amaonetsa momwe mneni amasinthira, tebulo lonse linabwera pamaso panga, ndipo ndinaona chomwe ndimasowa. Ife m'Chichewa munthu ndi nthawi timaziika kutsogolo, ndi-na-lankhula, u-na-lankhula, a-na-lankhula. Iwo amaziika kumchira. Nthawi imeneyi kuno amaitcha pretérito indefinido, ndi ya zinthu zomwe zinachitika n'kutha, monga ayer, dzulo. Ukachotsa ar pa hablar umatsala ndi habl, kenako hablé, hablaste, habló, hablamos, hablasteis, hablaron, basi, ndipo aneni onse a ar osasintha amayenda momwemo, trabajar, comprar, cocinar. A er ndi a ir amagawana michira imodzi, comer imakhala comí, comiste, comió, comimos, comisteis, comieron, vivir nayo viví, viviste, vivió choncho choncho. Ndiye magulu awiri okha a michira ndi omwe uyenera kuloweza, ineyo ndimaganiza kuti ndi nkhalango.

Chomwe ndimaikondera kwambiri ndi mawu, umadina n'kumva momwe amatchulira. Apa ndi pofunika zedi chifukwa hablo ndi habló zilembo ndi zomwezo, kakachizindikiro kapamwamba pa o ndi komwe kakusiyanitsa ndikulankhula ndi analankhula. Kwa ife si zachilendo, tikudziwa kuti mtengo wa mango ndi mtengo wa shuga pamsika timasiyanitsa ndi kamvekedwe, ndiye khutu tili nalo kale, timangofunika kumva kangapo. Ine ndimamvera m'basi popita kuntchito ndi mahedifoni, hablo, habló, compro, compró, mpaka zinakhazikika.

Pali tina tomwe tebulo limakuonetsa wekha osafunsa munthu. Hablamos ndi yomweyo kaya mukulankhula lero kaya munalankhula dzulo, vivimos chimodzimodzi, koma comer imasintha, lero comemos dzulo comimos. Ndipo u uja wa mu pagué si chinthu chodabwitsa, amangomuika kuti g asasinthe kamvekedwe, monga buscar imakhala busqué, empezar imakhala empecé. Vosotros, inu polankhula ndi anthu angapo, nayo ilipo m'tebulo, kuno ku Spain simungaithawe, anzanga a ku Colombia kuntchito saigwiritsa ntchito, iwo ndi ustedes hablaron.

Dziwani kuti mafotokozedwe ake ndi a m'Chingerezi, ndipo matebulo onsewa ndimawaona osalipira kanthu. Ilinso ndi kokayeserera, imakupatsa mneni ndi munthu iwe n'kulemba mchira wake, ine ndimachita mphindi 10 ndisanagone, aneni a ar okha sabata yoyamba, kenako er ndi ir. Musathamangire aneni ser (kukhala) ndi ir (kupita) omwe onse amakhala fui, kapena tener yomwe imakhala tuve, zimenezo ndi gulu lina, yambani ndi osasinthawa.

Mwezi uno mayi aja asanafunse n'komwe ndinawauza ndekha, ya pagué el lunes, ndinalipira kale Lolemba, anangoti muy bien n'kutseka chitseko.