Buku la Totto-chan la Mayi Tetsuko Kuroyanagi

Ambiri amawadziwa Mayi Kuroyanagi pa TV: analowa ku NHK, bungwe loulutsa mawu ndi TV la ku Japan, mu 1953, ndipo pulogalamu yawo yocheza ndi alendo yakhala ikuulutsidwa pa TV Asahi kuyambira 1976. Ine chandigwira mtima ndi buku lawoli la mu 1981. Akusimba za ubwana wawo pasukulu ya Tomoe ku Tokyo, pomwe ana ankaphunzirira m'mabogi akale a sitima. Tangoganizani, aphunzitsi aakulu, a Kobayashi, anamvetsera kamtsikana kolongolola, Totto-chan (Mayi Kuroyanagi ali mwana), kochotsedwa kusukulu ina, kwa maola 4 osakadula mawu! Powerenga pamenepa misozi inalengeza. Mitu yake ndi yaifupi, zithunzi za Chihiro Iwasaki n'zokongola zedi. Dandaulo langa n'lakuti nkhani ikuthera mu 1945, sukuluyo itapsa ndi mabomba, choncho za ntchito yawo ya zisudzo simupezamo zambiri.