Jeti kapena roketi, bwanji ndege singakatule setilaiti kumwamba?

Abale a ku Hatfield ndi Epworth kuno ku Harare amene ndege zimakudutsani pamutu tsiku ndi tsiku, funso lija loti bwanji osangokweza setilaiti mu Boeing m'malo motaya ndalama pa roketi, nkhani yake yagona pa mpweya ndi liwiro basi.

Moto suyaka popanda okosijeni. Jeti imatapa wake mumpweya womwe timapumawu. Tsiku lina mukaperekeza m'bale pa bwalo la ndege la Robert Gabriel Mugabe mudzachione chifani chija kutsogolo kwa injini, chimameza mpweya, mkatimo umapanikizidwa, amauwaza mafuta a Jet A-1 omwe ndi palafini woyengedwa bwino, moto buu, mpweya wotenthawo n'kufwamphukira kumbuyo, ndege ulendo. Ndiye ndege imangonyamula mafuta okha, okosijeni ndi waulere, n'chifukwa chake zina zimauluka maola oposa 15 osatera.

Koma zaulere zili ndi polekezera. Mukamakwera mpweya umanka nuchepa, injini imayamba wefuwefu, mapiko nawonso amasowa pogwira. Ngakhale konkuno ku Harare, poti tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 komanso kukatentha mu Okutobala mpweya umapepuka, ndege imafunika kuthamanga kaye mtunda wautali isananyamuke, msewu wake pabwalopo ndi wa makilomita 4.7. Ndege za anthu zimayenda cha pa makilomita 10 mpaka 12 m'mwamba. SR-71 ya asilikali aku America, yomwe inali chilombo pa majeti, mu 1976 inafika makilomita pafupifupi 26 ndi liwiro la makilomita 3,500 pa ola. Pamenepo ndiye yayesetsatu.

Roketi ndi munthu wa paulendo wopanda golosale panjira, kamba yense amanyamula yekha. Okosijeni amamuziziritsa mpaka madigiri -183 Celsius kuti akhale wamadzi n'kumuthira m'thanki. Roketi ya Falcon 9 ya kampani ya SpaceX imayendera palafini nayonso, koma okosijeni wakeyo amalemera kuposa palafiniyo kawiri ndi kuposerapo. Ndipo kudya kwake eeh! Roketi ya Saturn V imene inapititsa anthu kumwezi mu 1969 inkameza matani pafupifupi 13 a palafini ndi okosijeni pa sekondi, gawo loyamba mphindi ziwiri ndi theka lauma, kulitaya. Kuti muziyendera zimenezi popita ku Lilongwe tikiti mungaigule ndi chani? Ajeremani anayesapo ndege ya roketi, Me 163, pa nkhondo yachiwiri ija, mafuta ankatha mphindi 10 zisanakwane.

Chimene ambiri timaphonya n'choti vuto si kukwera kokha ayi, ndi liwiro. Kuti setilaiti isagwe imayenera kuzungulira dziko pa makilomita pafupifupi 28,000 pa ola, SR-71 ija kuchulukitsa ka 8. ZimSat-1, setilaiti yathu ya Zimbabwe, inanyamuka mu Novembala 2022 pa roketi ya Antares ku Virginia kupita ku International Space Station, siteshoni ya asayansi yozungulira dziko, makilomita 400 m'mwamba, kumene jeti ilibe choti imeze.

Ena anati tiphatikize ziwirizi. Kampani ya Virgin Orbit inkamangirira roketi kunsi kwa phiko la Boeing 747 n'kukaimasulira m'mwamba. Nzeru yooneka bwino ndithu, koma kwa ine ndegeyo inkathandiza pang'ono zedi, pafupifupi liwiro lonse lija linkachokera ku roketi yomwe. Kampaniyo inagwa mu 2023.